Dzina ndi Nambala: Za Kufunsa Njira pa Intaneti

Ndapempha malo pang'ono m'magazini athu ano kuti ndifotokoze kanthu kamodzi kamene taphunzira chaka chino m'kagulu kathu ka makompyuta. Kanthuko ndi kakang'ono ndithu, pakuti ndi mizere iwiri yokha yolembedwa m'kati mwa kabokosi kaja ka nyanga ziwiri ndi timagetsi tophethira, kamene timakatcha rauta. Koma mizere iwiriyo ikalakwika, makompyuta onse a m'chipinda amasanduka alendo osadziwa njira. Ndipo ikalembedwa ndi munthu wa mtima woipa, ikhoza kutifikitsa pa khomo la mbala ife tikuyesa kuti tafika ku banki. Mizereyi imauza makina athu amene ayenera kumfunsa pofuna malo pa intaneti. Dzina la ntchitoyi pa Chingerezi ndi Domain Name System, ndipo mwachidule amangoti DNS.

Makina sadziwa maina

Ife anthu timasunga maina m'mutu mosavuta, koma manambala atichulukira timawaiwala. Nchifukwa chake m'foni timalemba kuti "Amayi" kapena "Malume", ndipo tikadina dzinalo foni iyang'ana m'kaundula wake, nipeza nambala, niyimba. Foniyo siyimbira dzina ai, iyimbira nambala.

Pa intaneti ziri chimodzimodzi. Makina ali onse olumikizidwa ali ndi nambala yake, yotchedwa nambala ya IP. Ya mtundu wofala iri ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho, ndipo chigawo chiri chonse chiyambira pa 0 kulekeza pa 255, monga 192.168.1.1. Tsono ine ndikalemba www.unima.ac.mw pofuna kuwerenga za Yunivesite ya Malawi ku Zomba, kompyuta yanga siingachoke pakhomo kufikira itadziwa nambala ya makina amene asunga tsambalo. Iyenera kufunsa wina. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa mwambi umenewu kompyuta itiposa tonse, pakuti imafunsa nthawi zonse isanaponye phazi.

Kale sizinali chomwechi. Makolo a intaneti, otchedwa ARPANET, anayamba ku America m'chaka cha 1969 ndi malo anayi okha. Pokhala makina anali owerengeka, maina onse ndi manambala ake analembedwa m'kaundula mmodzi wotchedwa HOSTS.TXT, amene ankasungidwa ku Stanford Research Institute ku California ndi gulu lotsogozedwa ndi mai Elizabeth Feinler. Ali yense ankakopera kaundulayo kuika m'makina ake. Koma makina atachuluka, kaundulayo ankakalamba asanafike kwa onse, monga momwe mndandanda wa mitengo ya zinthu ukalambira msanga pa msika. Chotero m'chaka cha 1983 bambo Paul Mockapetris, wa ku University of Southern California, anakonza njira ina, yakuti pasakhalenso munthu mmodzi wosunga maina onse, koma ali yense asunge maina a m'dera lake, ndi kudziwa kolozera ofunsa za madera ena. Njira yomweyo ndiyo tigwiritsa ntchito kufikira lero.

Ulendo wa mthenga

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze kuti pa Mwanza boma pafika mlendo wotsika basi ya ku Blantyre, ali ndi dzina la munthu papepala koma nyumba saidziwa. Mlendoyo atuma mthenga. Mthenga ayamba wapita ku ofesi ya bwanamkubwa. Kumeneko amuuza kuti, "Munthuyo ife sitimdziwa, koma mudzi umenewu uli kwa Kanduku, si kwa Nthache ai, pitani kumeneko." Afika kwa Kanduku, namuuza kuti, "Nyumba yake sitiidziwa, koma nyakwawa yake ndi yakuti." Afika kwa nyakwawa, ndipo iyo imloza nyumba yeniyeni, pakuti ndiyo isunga kaundula wa mudziwo. Mthenga abwerera kwa mlendo ali ndi yankho.

Dzina la pa intaneti liwerengedwa motero, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Mthenga wathu, amene ndi seva ya DNS, ayamba wafunsa ku maseva a muzu, amene ali ngati ofesi ya bwanamkubwa. Maseva amenewa ali ndi maina 13, kuyambira chilembo A kufika M, ayendetsedwa ndi mabungwe 12, ndipo ali ndi nthambi mazana ambiri m'maiko osiyanasiyana. Iwo sadziwa za Zomba, koma adziwa amene asunga maina othera ndi .mw, ndiwo a dziko lathu la Malawi. Zilembo ziwirizi zinalembedwa m'kaundula wa muzu m'chaka cha 1997, ndipo m'chaka cha 2002 udindo wozisamala unaperekedwa ku bungwe la Malawi Sustainable Development Network Programme. Maseva a .mw alozera mthenga ku maseva osunga maina a yunivesiteyo, ndipo amenewo apereka nambala.

Maiko anzathu nawonso ali ndi zilembo zao. Galimoto lalikulu likachoka pano kudzera pa chipata cha Mwanza, likawoloka ku Zobue lalowa m'dziko la .mz, likadutsa Tete ndi kufika pa Nyamapanda lalowa m'dziko la.zw, likapitirira mpaka Johannesburg lafika m'dziko la.za. A ku Zambia ali ndi .zm.

Ulendo wonse wa mthengawu utha munthu asanaphethire kawiri. Ndiponso mthenga wanzeru sabwerera kwa nyakwawa tsiku lonse kukafunsa nyumba yomweyo. Yankho aligwira pamtima kwa nthawi imene mwini dzina analamula, kaya ndi mphindi zisanu kaya tsiku lathunthu, ndipo nthawiyo ikatha afunsanso, kuopa kuti mwina munthu uja anasamuka.

Rauta ndiye kapitao

Tsono funso lalikulu nali: kodi kompyuta yanga idziwa bwanji mthenga woti imtume? Yankho liri m'rauta. Foni kapena kompyuta ikangolumikizidwa, rauta aigawira zinthu zingapo, monga kapitao agawira antchito makasu m'mawa: aipatsa nambala yake ya IP, aiuza chipata chotulukira kunja, naiuzanso nambala ya seva ya DNS yoti izifunsa. Ntchito yogawayi itchedwa DHCP. Ma rauta ambiri a m'nyumba amangoti, "Uzifunsa ine," ndipo iwo apititsa funsolo kwa mthenga amene analembedwa m'kati mwao.

Apa ndipo pagona nkhani. Ngati m'chipinda muli makompyuta makumi awiri, sikufunika kukonza iri yonse payokha. Mukakonza m'rauta mwakonzera onse, ndipo mukalakwitsa m'rauta mwalakwira onse.

Kawirikawiri rauta alandira manambala a DNS kuchokera ku kampani imene itigulitsa intaneti, popanda ife kulemba kanthu. Nthawi zambiri zimenezi zikwanira, ndipo chinthu chikamayenda bwino si nzeru kuchigwiragwira. Koma pali zifukwa zitatu zimene munthu angasinthire: mthenga wa kampaniyo akamachedwa kapena kuleka kuyankha, sukulu ikafuna mthenga wokana kulozera ana ku malo oipa, ndiponso pamene tapeza m'rauta manambala achilendo amene palibe akudziwa anawalemba.

Amithenga odziwika

Pali maseva ena otseguka kwa munthu ali yense popanda kulipira. A kampani ya Google anayamba m'chaka cha 2009, ndipo manambala ake ndi 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4. A bungwe la Quad9 anayamba mu 2017, manambala ake ndi 9.9.9.9 ndi 149.112.112.112, ndipo amenewa akana kuyankha maina odziwika kuti ndi a akuba ndi ofalitsa mavairasi. A kampani ya Cloudflare anayamba pa 1 April 2018, manambala ake ndi 1.1.1.1 ndi 1.0.0.1, ndipo mu 2020 kampani yomweyo inaonjeza 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3, amene atseka maina a mavairasi pamodzi ndi a zithunzi zolaula. Awiri otsirizawa ndiwo ayenera pa sukulu.

Koma tisayese kuti chochokera kutali nchabwino nthawi zonse. Dziko lathu liribe nyanja ya mchere, kotero kuti intaneti yathu ifika podzera m'maiko oyandikana nafe, kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimene zitulukira ku Maputo ndi ku Dar es Salaam. Mthenga wokhala kunja kwa dziko akhoza kuchedwa kuposa wa kampani ya kuno. Njira yabwino ndi kuyesa onse ndi kuona woyankha msanga. Tikumbukirenso kuti mthenga amamva dzina liri lonse limene timtuma. Chotero posankha mthenga tikusankhanso munthu wodziwa kumene timayenda.

Kalembedwe kake m'rauta

Choyamba, pemphani chilolezo kwa mwini rauta. Wa pa sukulu asakhudzidwe popanda aphunzitsi. Mukaloledwa, tengani kope ndi cholembera, pakuti musanasinthe kanthu muyenera kulemba zonse monga mwazipezera, kuti zikavuta mukhale ndi pobwerera.

Chachiwiri, pezani nambala ya rauta mwini. Kawirikawiri yalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake, ndipo imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, timarauta tambiri ta m'thumba tolowetsa simu khadi tiri ndi 192.168.8.1. Ngati kapepalako kanafufutika, tsegulani Command Prompt pa kompyuta ya Windows, lembani ipconfig, ndipo nambala yoyang'anana ndi mau akuti Default Gateway ndiyo imeneyo.

Chachitatu, lembani nambalayo pamwamba pa Chrome kapena Firefox, pomwe paja mulemba maina a masamba. Rauta akufunsani dzina ndi mau achinsinsi. Dziwani kuti awa si mau aja olumikizira Wi-Fi, koma a woyang'anira. Mukapeza kuti akali aja a ku fakitale, monga admin, asintheni tsiku lomwelo. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Chachinayi, funani chigawo cholembedwa Internet kapena WAN. M'ma rauta ena ziri pansi pa DHCP. Mudzaona mipata iwiri, wina Primary DNS, wina Secondary DNS. Ngati yatsekedwa, sankhani mau olola kulemba ndi manja. Alipo ma rauta ena operekedwa ndi makampani amene mipatayi anaibisa. Pamenepo musakakamize, koma lembani manambalawo m'kompyuta iri yonse payokha.

Chachisanu, lembani manambala awiri. Ndikuti manambala, osati maina, pakuti rauta sangafunse mthenga kuti amuuze kumene kukhala mthenga yemweyo. Lembani awiri chifukwa mutu umodzi susenza denga: woyamba akadwala, wachiwiri agwira ntchito. Koma chenjerani apa. Awiriwo akhale a khalidwe limodzi. Mukaika 1.1.1.3 pamwamba ndi 8.8.8.8 pansi, mwamanga mpanda ndi kusiya chipata chapululu, pakuti makina safunsa woyamba yekha nthawi zonse, ndipo wachiwiriyo ayankha maina onse amene woyamba akana.

Chachisanu ndi chimodzi, dinani Save, ndipo rauta akayambanso, zimitsani ndi kuyatsanso kulumikizana kwa makompyuta kuti alandire malangizo atsopano. Pa Windows lembaninso ipconfig /flushdns kuti kompyuta iiwale mayankho akale. Potsiriza lembani nslookup www.unima.ac.mw, ndipo mukaona nambala yabwera, ntchito yatheka. Lembani m'kope tsiku, manambala akale ndi atsopano, kuti amene adzabwera pambuyo pathu asadzavutike.

Kwa anzanga amene mufuna kudzagwira ntchito imeneyi m'maofesi akulu, dziwani kuti makina a kumeneko ena salamulidwa ndi mabatani koma ndi mau olemba. Pa rauta wa Cisco mulemba ip name-server ndi kutsatiza manambala aja, ndipo ip domain lookup ndi lamulo lomlola kufunsa maina. Amisiri ambiri alemba no ip domain lookup pa makina osafunika kufunsa maina, chifukwa chala chikaphonya chilembo, rauta ayesa mau olakwikawo ndi dzina la makina ena, nayamba kulifunafuna munthu ali chidikirire. Pa makina amenewa zosintha sizikhazikika kufikira mutalemba copy running-config startup-config. Mukapanda kutero, magetsi akangothima zonse zapita, ndipo ife a kuno tidziwa kuti magetsi satsazika pochoka. Pa rauta wa MikroTik mupita pa IP, kenaka pa DNS. Pamenepo pali kabokosi kolembedwa Allow Remote Requests. Mukakachonga, onetsetsani kuti khomo la nambala 53, limene mafunso a DNS adzera, latsekedwa kwa anthu a kunja, kuti rauta wanu asasanduke mthenga wa dziko lonse ndi kukutherani bandulo.

Kupima nthenda

Anthu ambiri tsamba likakana kutseguka angoti, "Netiweki yavuta," kapena, "Bandulo yatha." Koma sing'anga wabwino ayamba wapima asanapereke mankhwala. Kupima kwake nkosavuta. Lembani ping 8.8.8.8. Ngati palibe yankho, mseu weniweni ndiwo waduka, ndipo muyang'ane zingwe, simu khadi kapena bandulo. Ngati yankho labwera, mseu uli bwino; tsono lembani nslookup ndi dzina liri lonse. Nambala ikamayankha koma dzina ai, dziwani kuti wodwala ndi mthenga. Kuti mutsimikize, lembani nslookup www.unima.ac.mw 9.9.9.9, kumene kuli kufunsa mthenga wina mwachindunji; iye akayankha, mlandu watha.

Zimenezi tinaziona ndi maso m'chipinda chathu teremu yapitayi. Tsiku lina masamba onse anakana, ndipo ambiri anati pafunika ndalama zogulira bandulo ina. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tiyambe tapima. Nambala inayankha, maina anakhala chete. Titalemba mthenga wina m'rauta, zonse zinatseguka, ndipo tambala sinatuluke m'thumba la sukulu. Taganizani anzanga, likanakhala tsiku lotsiriza lotumiza mafomu opempha malo ku yunivesite kudzera ku National Council for Higher Education, munthu wosadziwa kupima akanakwera minibasi kupita ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, chifukwa cha mizere iwiri.

Komabe si nthenda zonse zichizika ndi rauta wathu. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, chifukwa njira zopita ku maseva osunga maina ao zinachotsedwa molakwitsa. Amithenga onse anali moyo, koma nyakwawa ndiyo inasowa. Chotero ngati dzina limodzi lokha likukana pamene ena onse akuyankha, musavutitse rauta. Khalani pansi mudikire.

Mthenga wabodza

Ndasunga chachikulu kumapeto. Mthenga wodwala angotichedwetsa, koma mthenga wabodza atipereka m'manja mwa adani. Mlendo uja wa pa boma akatuma mthenga wogwirizana ndi mbala, adzalozeredwa nyumba yopakidwa utoto wofanana ndi imene afuna, nadzasiya katundu wake m'menemo ndi mtima woyera.

Si nthano chabe. Mu November 2011 apolisi a FBI a ku America, pamodzi ndi a ku Estonia, anagwira anthu amene anafalitsa vairasi yotchedwa DNSChanger. Inalowa m'makompyuta pafupifupi 4 miliyoni m'maiko oposa 100, ndipo ntchito yake inali kufufuta manambala a DNS ndi kulembapo a maseva a akubawo. Inkayesanso kulowa m'ma rauta pogwiritsa ntchito mau achinsinsi a ku fakitale, aja ndanena kuti asinthidwe. Anthu ankalemba dzina loona, nafika pa malo ena, ndipo akubawo anapeza madola pafupifupi 14 miliyoni. Atagwidwa, panafunika kuika maseva oona m'malo mwa abodzawo kufikira pa 9 July 2012, kuopa kuti anthu onsewo angasowe intaneti tsiku limodzi.

Ife kuno makolo athu atumiza fizi pa foni, ogulitsa manachesi alandira ndalama pa foni, ndipo ogwira ntchito za katundu pa chipata adalira makompyuta tsiku ndi tsiku. Mau achinsinsi a munthu akalembedwa pa tsamba labodza, thukuta la chaka chonse likhoza kupita usiku umodzi. Chotero ndikupemphani zinthu zitatu. Sinthani mau achinsinsi a woyang'anira rauta. Kamodzi pa teremu tsegulani rauta muone ngati manambala a DNS akali omwe analembedwa m'kope. Ndipo Chrome kapena Firefox akakuchenjezani kuti tsamba la banki kapena la mayeso silotsimikizika, musapitirire mwaliuma, pakuti chenjezolo kawirikawiri ndilo mlonda wotsiriza.

Ndisabise kuti mpanda wa DNS uli ndi malire. Foni za Android, kuyambira mtundu wa 9 wa mu 2018, ziri ndi malo otchedwa Private DNS, pomwe mwini foni angasankhe mthenga wakewake ndi kulambalala wa m'rauta. Nchifukwa chake 1.1.1.3 athandiza aphunzitsi koma salowa m'malo mwa mwambo. Mwana wofuna kudumpha mpanda adzaudumpha. Chomsunga chenicheni ndi khalidwe lake.

Zoti tiyese tokha

Phunziro losayesa ndi manja liuluka msanga, chotero ndikusiyirani ntchito zitatu za m'chipinda cha makompyuta, aphunzitsi akalola. Lembani ipconfig /all ndi kupeza mzere wa DNS Servers, muone mthenga amene kompyuta yanu ituma. Funsani nambala ya www.must.ac.mw kwa amithenga awiri osiyana, muone ngati mayankho agwirizana. Ndipo fotokozerani mnzanu wa Fomu 1, m'Chichewa chomveka, chifukwa chake m'mipata ija tilemba manambala osati maina. Mukatha kumfotokozera iye namva, ndiye kuti inunso mwamva.

Kagulu kathu kakumana Lachitatu liri lonse maphunziro akatha, ndipo khomo liri lotsegukira onse, makamaka asungwana, amene akali ochepa pakati pathu.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 4, wa m'kagulu ka makompyuta